DZINA LACHIWIRI PA PEPALA LA BVOTI

Pamene Mkonzi wa magazini yathu ino anapempha kuti tilembeko kanthu, ambiri a inu munasankha nkhani za mpira, za ulendo wa ku nyanja, ndi za nyemba zofumbwa zimene timadandaula nazo masiku onse. Ine ndasankha nkhani ya akulu-akulu, ndipo ngati ndalowa m'munda wa eni ndipempha kuti mundikhululukire. Ndiri ndi zaka 17 zokha ndipo sindinaponyepo bvoti chibadwire changa. Koma pofika chisankho cha 2030 ambiri a ife tidzakhala titakwanitsa zaka zobvotera, ndipo mlimi wanzeru amasankha mbeu mvula isanagwe.

Kwathu ndi ku Naperi, mu mzinda wa Blantyre, kufupi ndi Kamuzu Stadium. Kuseri kwa nyumba yathu kuli mtengo wa mango, ndipo pansi pache atsibweni anga anaikapo bawo. Madzulo ali onse, dzuwa likapendeka, abambo a m'dera lathu amasonkhana pamenepo, ena kudzasewera, ena kudzangocheza. Pa holide ya Pasaka ya chaka cha 2025 nchito yanga inali yowaperekera tiyi, ndipo popeza mwana wopereka tiyi sawerengedwa, ndinamva zambiri.

Nkhani yao inali imodzi tsiku ndi tsiku: kodi Pulezidenti Lazarus Chakwera adzaima ndi yani pa chisankho cha mwezi wa Sepitembala? Kodi adzasunga a Michael Usi, amene anali Wachiwiri wao pa nthawi imeneyo, kapena adzawasiya natenga wina? Mkulu wina amati, "Atenge wa Kumpoto, pakuti mabvoti a kumeneko ndiwo amathetsa mkangano." Wina amati, "Iai, atenge wa kuno Kumwera, anthu ochuluka ali kuno." Wina amafuna mai, wina amafuna mnyamata, wina amafuna munthu wa ndalama wokhoza kugula nsalu za chipani. Aliyense anali ndi dzina m'thumba mwache, ndipo aliyense amati analimva kwa munthu wodziwa za m'kati.

Tsiku lina atate anga, amene amayendetsa lole pakati pa Blantyre ndi Beira, anafika ali otopa nakhala pambali kumvetsera. Atamva zonse anatembenukira kwa atsibweni nati, "Alamu, inu nonse mukufunsa kuti munthuyo adzabweretsa mabvoti angati. Palibe ndi mmodzi yemwe amene wafunsa ngati angathe kuyendetsa dziko tsiku limene mwini mpando wagwa." Ndipo anasimba za ulendo wao wina akali mnyamata. Mwini galimoto anawapatsa tayala la sipeya lopakidwa utoto wakuda, looneka ngati latsopano, ndipo iwo sanalabadire kuliyesa. Atapitirira Zobue tayala lakutsogolo linaphulika, ndipo pomasula sipeya ija anapeza kuti inali yakutha ndi yopanda mpweya. Anagona m'mbali mwa mseu masiku awiri. "Kuyambira tsiku limenelo," anatero atate, "sindiliza galimoto ndisanagogode sipeya." Abambo aja anaseka nabwerera ku bawo lao, koma ine mau amenewo anandikhala mumtima, ndipo ndiwo ndifuna kuwaikira kumbuyo pano.

Tiyambe ndi lamulo. Pa nthawi ya Dr. Kamuzu Banda dziko lino linalibe Wachiwiri wa Pulezidenti. Chotero m'chaka cha 1993, pamene iwo anadwala napita kukachitidwa opaleshoni ku Johannesburg, panakhazikitsidwa kabungwe ka anthu atatu, a Gwanda Chakuamba, a John Tembo ndi a Robson Chirwa, kuti kagwirizire mpando. Malamulo akulu a dziko a chaka cha 1994 anatseka mpata umenewu. Gawo 80 likuti munthu wofuna kukhala Pulezidenti atchule wachiwiri wache pa tsiku lopereka mapepala, ndipo maina onse awiri akhale pa pepala limodzi la bvoti. Gawo 83 likuti mpando wa Pulezidenti ukakhala wopanda munthu, Wachiwiri ndiye alowepo kufikira zaka zisanu zija zitatha. Ndipo Gawo 86 lipereka mphamvu yochotsa Wachiwiri wosankhidwa ndi anthu kwa Nyumba ya Malamulo, osati kwa Pulezidenti, ndipo pafunika kuti aphungu awiri mwa atatu ali onse abvomereze.

Tanthauzo lache ndi lakuti ndi bvoti imodzi timasankha anthu awiri, ndipo wachiwiriyo ndi Pulezidenti wodikira. Tanthauzo lina ndi lakuti Pulezidenti wotopa ndi mnzache alibe khomo lomtulutsira pakati pa ulendo. Khomo lache ndi limodzi lokha, tsiku lopereka mapepala a chisankho chotsatira. Nchifukwa chache mphekesera zimaphuka ngati bowa chisankho chiri chonse chikayandikira.

Tsono taonani m'mene atsogoleri athu agwiritsira nchito khomo limeneli. M'chaka cha 1994 a Bakili Muluzi anapambana pamodzi ndi a Justin Malewezi, ndipo mu 1999 anaimanso awiri omwewo. Kuyambira pamenepo kufikira chisankho cha 2025 sikunaonekenso kuti Pulezidenti wokhala pa mpando wabwerera kwa anthu ndi Wachiwiri yemwe uja. Ngakhale awiriwo sanatsirize bwino, pakuti a Muluzi atasankha a Bingu wa Mutharika kuti adzalowe m'malo mwao, a Malewezi anatuluka m'chipani cha UDF naima paokha mu 2004.

A Bingu anapambana mu 2004 pamodzi ndi a Cassim Chilumpha. Mu 2005 a Bingu anachoka mu UDF nayambitsa chipani cha DPP, koma a Chilumpha anatsala. Mu 2006 Boma linalengeza kuti a Chilumpha adzichotsa okha pa udindo mwa kusafika ku nchito, koma makhoti anakana mau amenewo. Chaka chomwecho iwo anamangidwa pa mlandu woukira Boma, umene sanapezeke nao wolakwa. Pofika 2009 a Bingu anatenga Mai Joyce Banda napambana ndi mabvoti 66 pa 100 ali onse. Koma chimwemwe sichinakhalitse, pakuti mu Disembala 2010 Mai Banda anachotsedwa m'chipani, ngakhale pa mpando wa Wachiwiri palibe anatha kuwasuntha.

Mai Banda atakhala Pulezidenti anaika a Khumbo Kachali kukhala Wachiwiri wao, koma pa chisankho cha 2014 anawasiya natenga a Sosten Gwengwe, nduna yachinyamata ya ku Dedza. A Kachali anauza anthu kuti abvotere a Peter Mutharika, ndipo Mai Banda anakhala achitatu. A Mutharika analowa m'Boma ndi a Saulos Chilima, koma mu 2018 a Chilima anatuluka mu DPP nayambitsa UTM. Mu Febuluwale 2019, pa Comesa Hall, kamtunda kochepa kuchokera kwathu ku Naperi, a Mutharika anatchula a Everton Chimulirenji a ku Ntcheu, dzina limene ambiri sanaliyembekezere. Khoti litafafaniza chisankho chimenecho pa 3 Febuluwale 2020, a Mutharika anasinthanso natenga a Atupele Muluzi a UDF, koma pa 23 Juni 2020 anagonja kwa a Chakwera ndi a Chilima.

Awanso ulendo wao sunali wosalala. Mu 2022 a Chakwera analeka kutuma nchito a Chilima chifukwa cha nkhani za katangale zimene dzina lao linatchulidwamo, ndipo milandu imeneyo inathetsedwa mu Meyi 2024. Pa 10 Juni chaka chomwecho a Chilima anafa pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa pamodzi ndi anthu ena 8, ndipo a Usi anaikidwa m'malo mwao. Kumapeto kwa Julayi 2025 funso la pa bawo lija linayankhidwa: a Chakwera anatchula a Vitumbiko Mumba a ku Mzimba, nduna ya zamalonda, ndipo a Usi anaima paokha. Pa 16 Sepitembala a Peter Mutharika, amene anaima ndi Mai Jane Ansah, anapambana ndi mabvoti 56.8 pa 100 ali onse, pamene a Chakwera anapeza 33.

Tiyeni tiwerenge monga tichitira m'kalasi ya masamu. Kasanu konse, mu 2009, 2014, 2019, 2020 ndi 2025, Pulezidenti wokhala pa mpando anapita ku chisankho ndi dzina latsopano pambali pache. Kamodzi kokha, mu 2009, anapambana popanda chikaiko. Kamodzi kupambanako kunafafanizidwa ndi khoti. Katatu anagonja. Sindikunena kuti anagonja chifukwa chosintha mnzao, iai. Mai wa ku msika wa Zingwangwa pobvota amaganiza za mtengo wa chimanga, wa feteleza ndi wa shuga, ndipo atate anga amaganiza za usiku umene anagona pa mzere wa mafuta. Koma pomwepo ndi pamene pagona mfundo yanga. Ngati anthu atopa ndi Boma, dzina lachiwiri silingawabweze, kaya lichokere ku Mzimba, ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Machinga. Mabvoti a chigawo si mbuzi zoti munthu mmodzi angazikoke pa chingwe. Tsono ngati dzinalo silibweretsa mabvoti amene timaliyembekezera, chotsala nchiani? Chotsala ndi nchito yache yeni-yeni, imene lamulo linalipatsa.

Nchito imeneyo Amalawi tinaiona ndi maso m'mwezi wa Epulo 2012. Ine ndinali kamwana ka zaka zitatu, koma amai anga amasimba kawiri-kawiri za masiku amenewo. Lachinai pa 5 Epulo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anagwa ndi nthenda ya mtima ku Lilongwe. Mawa lache linali Lachisanu Loyera, ndipo amai amati anthu pochokera ku mapemphero ankangonong'onezana, pakuti mawailesi a kunja anali atanena kale za imfa koma Boma linali chete. Usiku umenewo nduna zina zinalankhula kwa atolankhani kuti Mai Banda sangalowe pa mpando chifukwa anali atayambitsa chipani chao. Amai amati anatseka zitseko msanga natigoneka tonse m'chipinda chimodzi. Koma lamulo linali lolembedwa momveka, asilikari anaima pambuyo pa lamulolo, ndipo Loweruka pa 7 Epulo Mai Joyce Banda analumbiritsidwa popanda mfuti kulira. Munthu amene anasankhidwa mu 2009, amene ambiri ankamuona ngati wokopa mabvoti a amai chabe, ndiye anasenza dziko zaka ziwiri, pa nthawi imene mafuta ndi ndalama za kunja zinali zosowa. Kaya munthu anakonda ulamuliro wao kaya sanaukonde, sangakane kuti dzina lachiwiri lija linasanduka loyamba m'masiku awiri.

Zoterezi si za kwathu kuno kokha. Ku America, m'chaka cha 1944, Pulezidenti Franklin Roosevelt analola kuti chipani chache chisiye Wachiwiri wache Henry Wallace ndi kutenga Harry Truman. Truman anakhala Wachiwiri masiku 82 okha, pakuti pa 12 Epulo 1945 Roosevelt anamwalira, nkhondo yaikulu isanathe. Miyezi inai isanakwane, munthu ameneyu, amene sanauzidwe bwino za bomba la atomu ali Wachiwiri, ndiye analamula kuti liponyedwe pa dziko la Japan. Kwa anansi athu ku Tanzania, Pulezidenti John Magufuli anasankhidwanso mu Okutobala 2020 namwalira mu Malichi 2021, ndipo Mai Samia Suluhu Hassan analowa pa mpando. Munthu sapangana ndi imfa. Atsogoleri awiri amene anatsogola pa chisankho chathu cha 2025 anali a zaka 85 ndi 70, koma a Chilima anatisiya ali ndi zaka 51 zokha. Chotero nkhani ino si yonyoza ukalamba wa munthu, koma yokumbukira kuti tonse ndife anthu.

Ndidziwa kuti ena a inu mudzanditsutsa, ndipo pamene tinakambirana nkhaniyi ku hositelo mnzanga wa Fomu 4 ananditsutsa kolimba. Iye anati, "Iwe, kodi ungakakamize munthu kuyenda ndi mnzache amene sagwirizana naye? Atambala awiri salira m'khola limodzi." Ndibvomera. Pulezidenti ali ndi ufulu wosankha woima naye, ndipo nthawi zina Wachiwiri ndiye amayamba kuchoka, monga anachitira a Chilima mu 2018. Ine sinditsutsa kusintha. Chimene nditsutsa ndi kusintha mobisa ndi mochedwa, pa zifukwa zimene anthu sauzidwa, ndi kutulutsa dzina pa tsiku lomaliza ngati wamatsenga wotulutsa nkhunda m'chipewa. Anthu amapatsidwa miyezi iwiri kapena itatu yokha kuti amdziwe munthu amene angathe kuwalamulira zaka zinai kapena zisanu.

Mnzanga uja anapitiriza nati, "Nanga bwanji osangosintha lamulo kuti Pulezidenti azitha kuchotsa Wachiwiri wache pamene afunira? Mikangano yonseyi ikanatha." Apa ndiye ndikana kwa mtu wa galu. Lamulo likanakhala lotero, Mai Banda akanachotsedwa mu 2010, ndipo mu Epulo 2012 dziko likanagwa m'manja mwa munthu amene Amalawi sanamsankhe pa udindo umenewo. Wachiwiri woopa kuchotsedwa mawa sangauze bwana wache zoona lero. Walira mvula walira matope: tinafuna kuti Wachiwiri akhale wosankhidwa ndi anthu, tiyenera kupirira mabvuto amene amadza nacho chinthu chimenechi. Mankhwala ache si kufewetsa lamulo, koma kusankha bwino poyamba.

Ndiyenera kubvomeranso kuti fanizo la atate anga liri ndi polekezera. Tayala la sipeya limangokhala chete pansi pa lole, silidya, silikwiya, sililota kudzakhala tayala lakutsogolo. Wachiwiri wa Pulezidenti ndi munthu wa nzeru zache ndi zofuna zache, ndipo amalipidwa ndi misonkho ya makolo athu. Akasiyidwa wopanda nchito amayamba kuyenda m'misonkhano yache, ndipo dziko limakhala ndi maboma awiri m'Boma limodzi. Mikangano yambiri imene ndatchula inayamba chifukwa chakuti anthu awiri anagwirizana za kupambana koma sanagwirizane za kulamulira. Anali ngati ukwati womangidwa chifukwa cha phwando lokha. Tsono kugogoda sipeya sikukwanira. Pafunikanso kumpatsa munthuyo nchito yodziwika ndi kumlowetsa m'zinsinsi za Boma, kuti tsiku latsoka likadza asayambe kufunsa kumene kuli makiyi.

Nanga tichitenji? Ine ndiri ndi maganizo atatu, ndipo ndiwapereka modzichepetsa monga mwana wa sukulu. Loyamba, zipani zizitchula woima ndi mtsogoleri wao nthawi ikalipo, makamaka pa msonkhano waukulu wa chipani, kuti nthumwi zimuone ndi kumbvomereza, osati munthu mmodzi kusankha yekha usiku. Lachiwiri, Pulezidenti wosiya Wachiwiri wache aime poyera nauze mtundu chifukwa chache, pakuti munthuyo tinamsankha ndife, ndipo amene analemba munthu nchito ali ndi ufulu womva chimene walakwa. Lachitatu, ndipo ili ndi lathu, tisinthe funso. Tikamva mphekesera kuti uje asiyidwa ndipo uje atengedwa, tisafunse kuti kwao nkuti, amapemphera kuti, kapena ali ndi ndalama zingati. Tifunse kuti: anagwirapo nchito yanji, ndipo anaigwira bwanji? Kodi manja ache ndi oyera? Kodi amadziwa kumvera anthu omtsutsa? Kodi Lachisanu Loyera lina likadzafika, amai athu adzagona zitseko ziri zotsekula?

Tisayese kuti nkhaniyi iri kutali ndi ife. Chaka chatha, posankha atsogoleri a kalabu yathu ya mtsutso, tinakangana masiku atatu za wapampando, koma wachiwiri tinamsankha m'kamphindi chifukwa anali mnyamata woseketsa ndipo belu la chakudya linali litalira. Teremu yachiwiri wapampando anadwala nabwerera kwao, ndipo kalabu inagona kufikira chaka chinatha. Mnyamatayo sindimuimba mlandu, pakuti sanapemphe udindowo; olakwa tinali ife amene tinakweza manja maso ali ku nsima. M'mera mpoyamba. Ngati tizolowera kusankha achiwiri mwa chibwana pano pa sukulu, tidzachita chimodzi-modzi m'kachipinda kobvotera.

Pa 4 Okutobala 2025 a Peter Mutharika ndi Mai Jane Ansah analumbiritsidwa pa Kamuzu Stadium, ndipo amai anandiuza kuti phokoso la anthu linamveka mpaka pa khonde pathu. Sindikaika kuti chaka cha 2030 chisanafike abambo a pansi pa mango adzayambanso kutchula maina, ndipo aliyense adzati analimva kwa munthu wodziwa za m'kati. Pa nthawi imeneyo ine sindidzakhala woperekera tiyi. Ndidzakhala ndi malo anga pa benchi ndi chiphaso changa chobvotera m'thumba. Ndapangana ndi mtima wanga kuti ndikadzalandira pepala la bvoti ndidzawerenga maina onse awiri ndisanachonge, ndipo dzina lachiwiri likadzandikaikitsa, loyambalo silidzalandira bvoti yanga. Ndipempha inu anzanga, anyamata ndi asungwana, kuti mudzachite chimodzi-modzi. Amene ali ndi maganizo osiyana ndi anga alembe m'magazini yotsatira, ndipo ndidzawerenga mokondwa.

Wophunzira wa Fomu 3, wa ku Naperi.